Kodi makhalidwe akavunda dziko limagwa? Mafunso ndi mayankho kuchokera ku Chipata

Mafunso awa sindinawapeke ndekha. Ena anatuluka pa maphunziro a Baibulo a Lachitatu madzulo, ena pasiwa usiku amuna tikuwotha moto, ndipo angapo anandifunsa ndi achinyamata amene ulaliki wa Lamulungu sunawafike pamtima. Ine ndine mkulu wa mpingo kuno ku Chipata, mphunzitsi wopuma pa ntchito. Sindine m'busa. Pamene ndaphonya, abusa anu andiwongole.

Kodi Baibulo limanenadi kuti dziko likhoza kugwa chifukwa cha makhalidwe oipa?

Limatero, ndipo silipita m'mbali. Miyambo 14:34 akuti chilungamo chimakweza mtundu wa anthu, koma tchimo limauchititsa manyazi. Ufumu wa kumpoto wa Israyeli unatha mu 722 Khristu asanabadwe, Asuri atazinga Samariya zaka zitatu. Yerusalemu anatenthedwa ndi ankhondo a Nebukadinezara mu 586. Wodziwa mbiri angakuuzeni kuti Asuri ndi Ababulo anali ndi asilikali ochuluka, ndipo sakunama. Koma wolemba 2 Mafumu 17 sanawerenge akavalo ndi magaleta. Anawerenga zimene anthu ankachita zaka zambirimbiri adani asanaonekere pachipata.

Nkhaniyi si ya Aisrayeli okha. Amosi akuyamba buku lake ndi milandu ya Damasiko, Gaza, Turo, Edomu, Amoni ndi Mowabu, mitundu imene inalibe Chilamulo cha Mose. Pa Yeremiya 18 Mulungu akuti angathe kunena za mtundu uliwonse kuti auzula, koma ukatembenuka amaleka. Angathenso kulonjeza kuubzala, koma ukachita zoipa amabweza dzanja.

Makhalidwe ake ndi ati makamaka?

Apa ndi pamene timakangana kwambiri Lachitatu. Ife tikamva mawu akuti makhalidwe avunda, maso amathamangira pa siketi yaifupi ya mtsikana ndi pa tsitsi la mnyamata wa njinga yamoto. Aneneri ankadzudzula mafano, inde, koma akatsika kulowa mumsika maso awo ankagwera pa sikelo.

Amosi anali woweta nkhosa wa ku Tekowa. Analalikira m'masiku a Yerobowamu wachiwiri, Israyeli ali pa ulemerero: olemera akugona pa makama a minyanga ya njovu, ali ndi nyumba ya nyengo yozizira ndi ina ya nyengo yotentha. Ku Beteli nsembe zinali kufuka tsiku ndi tsiku. Mlandu umene iye anawawerengera ndi wakuti amagulitsa waumphawi pa mtengo wa nsapato, amalandira ziphuphu pabwalo la milandu, ndipo pa Sabata amakhala akuyang'ana dzuwa kuti lilowe msanga akatsegule malonda, achepetse muyeso, akweze mtengo, agulitse ndi mankhusu omwe. Zaka pafupifupi 40 zokha zitapita, Samariya kunalibe.

Chaka china m'mwezi wa Meyi ndinapita kukaona mlongo wanga chakumadera a ku Chadiza. Pansi pa mtengo wa mango venda anali atapachika sikelo yake. Thumba la chimanga limene mlongo wanga anayeza kunyumba pa sikelo ya mnansi n'kupeza makilo 50, pa vendayo linangofika 46. Kenako akuti, "Mayi, chimangachi sichinaumitse, ndichotsapo awiri a chinyezi." Pagalasi la galimoto yake panali vesi lolembedwa ndi zilembo zazikulu. Ndinapsa mtima, ndinkafuna kuyamba mlandu pomwepo. Mwana wa mlongo wanga anandikoka malaya n'kundinong'oneza kuti, "Atsibweni, musadzivute. M'matumba a soya aja tathiramo kale mchenga pansi."

Ndinasowa chonena. Venda akuba chifukwa akudziwa kuti mlimi wathira mchenga, mlimi akuthira mchenga chifukwa akudziwa kuti sikelo ndi yokhota, ndipo onse awiri Lamulungu ayimba nyimbo imodzi. Kuvunda kumene Baibulo likunena ndi kumeneku: pamene palibenso wokhulupirira mnzake, ndipo woona mtima ndiye amaoneka chitsiru. Deuteronomo 25:13-16 akuletsa kusunga miyeso iwiri m'thumba, waukulu ndi waung'ono, ndipo akulumikiza muyeso woona ndi kukhalitsa m'dziko.

Ngakhale Sodomu, amene timam'tchula tikafuna kuopseza anthu, werengani Ezekieli 16:49-50 muone mndandanda wake: kunyada, kukhuta, kukhala mosatekeseka, kusalimbitsa dzanja la wosauka, kenako zonyansa. Ife timalalikira chomalizachi, zinayi zoyambazo n'kuzilumpha. Onjezani munda wa Naboti pa 1 Mafumu 21, umene Ahabu analanda kudzera mwa mboni zonama. Amene anaonapo dimba la mayi wamasiye likugulitsidwa kwa munthu wa m'tauni, kapena abale akunyamula mipando ndi malata maliro asanazizire, nkhaniyi safunika kumumasulira. Chikhalirecho lamulo lilipo kuyambira 1989: munthu akafa osasiya wilo, ana amatenga magawo 50 pa 100, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo 20, ndipo ena amene ankadalira malemuyo 10. Olanda aja ambiri amalidziwa.

Ndiye kuti chiwerewere, uchidakwa ndi kutha kwa mabanja zilibe kanthu?

Zili ndi kanthu kwambiri, ndipo asandinamizire wina kuti ndazichepetsa. Hoseya 4 akuika pamzere umodzi kutukwana, bodza, kupha, kuba ndi chigololo, nati chifukwa cha zimenezi dziko likulira. Akutinso vinyo amalanda nzeru. Tujilijili, timapaketi ta mowa waukali, tinaletsedwa mu 2012, koma pitani m'makomboni m'mawa muone anyamata amene kachasu wawatupitsa masaya asanafike zaka 25. Munda umene bambo ake analima sudzalimidwa ndi ameneyo.

Chimene ndimakana ndi kayezedwe kathu. Mtsikana wa giredi 9 akatenga mimba, timamuika pa chilango mpingo wonse ukuona. Bambo amene anam'patsa mimbayo, wa zaka zofanana ndi atate ake, amakhala pa benchi ya kutsogolo chifukwa anapereka matumba a simenti. Pa Yohane 8 anthu anabweretsa mkazi yekha kwa Yesu, ngati kuti chigololo chimachitwa ndi munthu mmodzi. Kuyambira kumapeto kwa 2023 lamulo la Zambia silivomereza ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ngakhale wa mwambo, ndipo a Kalonga Gawa Undi ndi a Nkhosi Mpezeni akhala akudzudzula maukwati a ana poyera. Komabe amene amalandira mbuzi ndi ndalama n'kutseka nkhani kuseri kwa nyumba si achinyamata ayi. Ndife akuluakulu.

Kodi chilala cha 2024 chinali chilango cha Mulungu?

Funso ili linabwera kangapo chaka chimenecho, ndipo n'zomveka. Chimanga chinapsa m'minda yambiri chitangotulutsa ngayaye. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pa tsoka. Madzi ku Kariba anatsika, magetsi n'kumazima pafupifupi tsiku lonse. Malawi ndi Zimbabwe analengezanso chimodzimodzi, ndipo odziwa zanyengo anati gwero lake ndi El Niño, kutentha kwa madzi a m'nyanja ya Pacific kumene kumasokoneza mvula.

Ine sindinganene kuti chinali chilango. Eliya ananena zotero za chilala cha m'masiku a Ahabu chifukwa anatumidwa. Ine sindinatumidwe, ndipo ndimakayikira amene amadzuka m'mawa n'kulengeza pa Facebook kuti Mulungu wawauza tchimo lenileni limene laimitsa mvula, makamaka tchimolo likakhala la anthu amene iwo amadana nawo kale. Yesu anafunsidwa zofanana. Pa Luka 13 anatchula anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, nafunsa ngati anali ochimwa kuposa ena onse a mu Yerusalemu. Yankho lake linali iyayi, ndipo anatembenuzira funsolo kwa ofunsawo kuti alape iwo. Za munthu wobadwa wakhungu pa Yohane 9 anati sanachimwe iye kapena makolo ake. Ndipo amene anavutika kwambiri ndi njala ija anali agogo olera ana amasiye kumidzi, osati akatangale.

Koma pali china. Nkhokwe ziwiri zikhoza kuombedwa ndi mphepo imodzi, ina n'kugwa ina n'kutsala. Mukapita kukaona yagwayo, mupeza kuti chiswe chinadya mizati kalekale, kunja kukuoneka bwinobwino. Mphepo si chiswe, koma imaulula pamene chiswe chinadya. Njala ya zaka zisanu ndi ziwiri ya ku Igupto, Genesis sanena kuti inali chilango. Nkhani yonse yagona pa kusunga m'zaka za dzinthu. Choncho chilala chikabwera, mafunso achikhristu ndi awa: chimanga cha zaka zabwino chinapita kuti? Feteleza wotsika mtengo anafika kwa mlimi amene dzina lake lili m'kaundula, kapena anathera m'njira? Chakudya cha chithandizo chinagawidwa poyang'ana njala kapena poyang'ana chibale? Kwezaninso maso muone mapiri ozungulira Chipata mmene tawametera ndi makala. El Niño sanagwire nkhwangwa.

Zambia ndi dziko lachikhristu. Kodi zimenezi sizititeteza?

Pulezidenti Frederick Chiluba analengeza zimenezi pa 29 Disembala 1991, mawuwo analowa m'mawu oyamba a malamulo aakulu a dziko mu 1996, ndipo anasungidwa pa kusintha kwa 2016. Kuno kum'mawa Uthenga unafika kale kwambiri: amishoni a Dutch Reformed anamanga msasa ku Magwero mu 1899, ndipo lero mungayende kuchokera ku Nyimba mpaka ku Lundazi osapeza mudzi wotalikirana ndi tchalitchi.

Ine chilengezocho sindidana nacho. Koma ndimachiona ngati lumbiro la pa ubatizo, osati ngati chithumwa chomangira m'chiuno. Anthu a m'masiku a Yeremiya ankaimba kuti kachisi wa Yehova, kachisi wa Yehova, poganiza kuti mzinda wokhala ndi kachisi sungagwe. Yeremiya 7 akuwafunsa ngati angabe, kupha, kuchita chigololo ndi kulumbira monama, kenako n'kudzaima m'nyumbayo n'kumati tapulumuka. Kachisiyo anapsa. Rwanda mu 1994 inali dziko limene anthu ochuluka zedi anali obatizidwa, koma anthu pafupifupi 800,000 anaphedwa m'masiku 100, ena m'matchalitchi momwe anathawira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Amosi 3:2 ndiye amandiopsa: Mulungu akuuza Israyeli kuti mwa mabanja onse a padziko anadziwa iwo okha, ndipo chifukwa cha chomwecho adzawalanga. Dzina limawonjezera mlandu.

Kale zinthu zinali bwino. Bwanji osangobwerera ku makhalidwe a makolo?

Anzanga a imvi amakonda funso ili, ndipo ine ndimawawerengera Mlaliki 7:10, amene akuti kufunsa chifukwa chimene masiku akale anaposera ano si nzeru. Zilipo zimene tataya ndipo ndimazilira. Mwana wa mnzako anali wako yemwe. Ukam'peza akuchita zopusa panjira unkam'dzudzula, makolo ake n'kudzakuthokoza. Mlendo sankagona ndi njala. Koma kale lomwelo linali ndi mwavi, linali ndi kugulitsana ukapolo, linali ndi kukakamiza mkazi wamasiye kugona ndi m'bale wa malemu poti amuyeretse. Agogo athu aakazi akanapatsidwa mpata wolemba mbiri, mwina sakanaitcha nthawi ya mtendere. Tisankhe ngati mmene mayi amapetera mpunga, osati kubweza lichero lonse mumphika.

Kodi si mafoni ndi intaneti zimene zawononga ana athu?

Zathandizira. Kubetcha pa mpira tsopano kuli m'thumba la mwana aliyense, ndipo zolaula sazifunanso kutali. Koma Kaini analibe foni. Ndipo mwana amene amamva bambo ake akunama pa foni kuti ali ku Katete pamene ali pakhonde, waphunzira kale phunziro limene intaneti sikanam'phunzitsa bwino chotero.

Nanga bwanji mayiko amene sapemphera n'komwe akulemera, ife opemphera tikusauka?

Wolemba Salimo 73 anatsala pang'ono kuterereka ndi funso lomweli, ndipo Habakuku anafunsa Mulungu chifukwa chimene amakhalira chete woipa akumeza womuposa chilungamo. Choyamba, chuma si chiphaso cha chiyero. Samariya anali pachimake cha chuma pamene Amosi ankalira maliro ake. Chachiwiri, si kugwa konse kumene kumachokera ku tchimo la wogwayo. Angoni a Mpezeni anagonja mu 1898, mwana wake Nsingo n'kuwomberedwa, osati chifukwa anali oipa kuposa azungu amene anawathira nkhondo. Azunguwo anali ndi mfuti za Maxim ndi njala ya golide amene ankaganiza kuti ali m'dziko lino. Nthawi zina mlandu uli ndi wopambanayo, ndipo tsiku lake limabwera: Babulo amene anawotcha Yerusalemu anagwa naye mu 539 Khristu asanabadwe.

Mzinda wa Roma utafunkhidwa ndi ankhondo a Alaric mu 410, anthu ena anati wagwa chifukwa wasiya milungu yakale n'kutsata Khristu. Amene anawayankha anali mwana wa mu Africa muno, Augustine, bishopu wa ku Hippo, kumene lero ndi Algeria. Anawakumbutsa kuti Roma anaona masoka ambiri Chikhristu chisanabwere, kuti kuvunda kwake olemba ake omwe anakudandaula kale, ndipo kuti palibe ufumu wa pansi pano umene ndi Ufumu wa Mulungu.

Koma pali mbali imene imatiwawa. Aroma 2:14-15 akuti anthu opanda Chilamulo nthawi zina amachita za Chilamulo mwachibadwa. Dziko limene anthu ake sapita kutchalitchi, koma sikelo yake ndi yoona, woweruza sagulidwa, ndipo ndalama ya mlatho imamangadi mlatho, lidzakolola zipatso za zimenezo. Mbewu safunsa ngati wofesa anapemphera.

Kodi abusa azilankhula za ndale?

Za chipani ayi. Za chilungamo alibe kothawira. Natani analoza Davide chala. Yohane Mbatizi anadulidwa mutu chifukwa chodzudzula Herode. Amene anauza Amosi kuti achoke ku Beteli akalalikire kwawo, poti pano ndi pa kachisi wa mfumu, anali wansembe, Amaziya.

Kuno kwathu mipingo inachitapo zooneka. Inali patsogolo pa kampeni ya Jubilee 2000 yopempha kuti ngongole za mayiko osauka zikhululukidwe, ndipo kuyambira 2005 gawo lalikulu la ngongole ya Zambia linafafanizidwa. Mu 2001 mabungwe atatu aakulu a mipingo anagwirizana ndi maloya ndi mabungwe a amayi mu Oasis Forum kukana kuti malamulo asinthidwe kuti pulezidenti aimenso kachitatu, ndipo sanasinthidwe. Koma pofika Novembala 2020 dziko linali litakongolanso mpaka kulephera kulipira. Pa zaka 15 zimenezo maguwa ambiri anali chete, athu omwe. Ndaona chimene chimatseka pakamwa: wandale amabwera pa mwambo wosonkhetsa ndalama za denga la tchalitchi, amapatsidwa mpando wa khushoni ndi maikolofoni, amasiya envulopu yonenepa. Chaka chotsatira m'busa akafuna kudzudzula, amayang'ana kudenga n'kusintha mutu wa ulaliki.

Timapemphera dziko lonse pa 18 Okutobala chaka chilichonse. Kodi si zimene 2 Mbiri 7:14 akufuna?

Tsikuli analikhazikitsa Pulezidenti Edgar Lungu mu 2015, ndipo kupempherera dziko ndi lamulo la Malemba. Yeremiya 29:7 anauza ngakhale akapolo ku Babulo kuti apempherere mzinda wa adani awo. Koma vesi la 2 Mbiri lili ndi miyendo inayi: kudzichepetsa, kupemphera, kufuna nkhope ya Mulungu, ndi kutembenuka kuleka njira zoipa. Ife timakonda mpando wa miyendo itatu. Yesaya 58 akunena za anthu amene ankasala kudya kwinaku akupondereza antchito awo tsiku lomwelo. Ngati mtsikana wantchito kunyumba kwanu sanalandire malipiro miyezi iwiri, yambani mwam'lipira, kenako mupite kubwalo la mapemphero.

Kodi dziko limene layamba kuvunda lingachire?

Lingathe. Nineve analapa pa ulaliki wa Yona napulumuka, ngakhale mibadwo yotsatira inabwerera ku nkhanza mzindawo n'kugwa mu 612 Khristu asanabadwe. Pa Nehemiya 5 olemera anali atalanda minda ndi ana a abale awo chifukwa cha ngongole za nthawi ya njala. Nehemiya sanaitanitse mapemphero a usiku wonse. Anaitanitsa msonkhano, nawauza kuti abweze minda lero lomwe, iye n'kukana kulandira chakudya chimene bwanamkubwa ankayenera kulandira. Kulapa kwa m'Baibulo kumakhala ndi kubweza, monga Zakeyu.

Kumudzi kwa mlongo wanga kuja, amayi a mpingo anadzasonkha ndalama n'kugula sikelo yawo. Thumba limayezedwa pa tchalitchi lisanapite kwa venda, ndipo anagwirizana kuti thumba lililonse alikhuthule pamphasa onse akuona. Amene anakana kwambiri lamulo lachiwirili sanali mavenda.

Mwana wanga akufuna ntchito ndipo amuuza kuti apereke kangachepe. Aliyense akupereka. Nditani?

Amene anandifunsa funsoli ndi mayi wa mumpingo mwathu, ndipo sindinathe kuwayankha ndili chilili ngati munthu woyera m'manja. Zaka zapitazo mapepala anga anakakamira mu ofesi ina ku Lusaka. Ndinakwera basi katatu, ulendo wa makilomita oposa 500, kugona kwa achibale, ndalama zikutha. Ulendo wachitatu kalaliki anandiyang'ana n'kunena motsitsa mawu kuti, "Bambo, fayilo ilibe miyendo." Ndinamva. Ndinapinda ndalama m'kati mwa kapepala n'kum'patsira. Fayilo imene inasowa miyezi isanu inapezeka ndisanamalize kupukuta thukuta.

Mayi, ndikudziwa kuti nichekeleko, kapena kuti chiphuphu, amaoneka ngati khomo lokhalo. Eksodo 23:8 akuti chiphuphu chimachititsa khungu openya, ndipo ntchito yogula imabwera ndi mwini wake: amene mwam'patsa lero adzafuna kuti mwana wanu am'bisire kanthu mawa. Auzeni kuti mukufuna lisiti ya ndalama iliyonse. Musapite nokha, wofuna chiphuphu amadana ndi mboni. Lembani tsiku ndi zimene ananena, ndipo bungwe la Anti-Corruption Commission lilipo kuti lilandire madandaulo otere. Sindikulonjezani kuti mukakana ntchitoyo idzabwera. Mwina ipita kwa wina. Zikatero, ife a mumpingo amene timalalikira kuti musapereke tiyenera kusenza nawo mtolowo, kum'funira mwanayo ganyu kapena mpamba wa kabizinesi, osati kungomuuza kuti Mulungu adzaona.

Tsiku lija ku Lusaka, pabenchi imene ndinakhala panalinso mayi wina wamasiye wochokera ku Petauke, atafumbata mapepala a malemu amuna awo m'pulasitiki ya shuga. Anafika ine ndisanafike. Pamene ndinkatuluka ndi fayilo yanga m'khwapa anandifunsa kuti, "Achimwene, mwachita bwanji kuti akuthandizeni msanga?" Ndinawayankha kuti ndi chisomo cha Mulungu, n'kuthamangira basi ya ku Chipata.